Ndidabwerera ku Harare ngati mlendo

 Ambiri mwakhala mukundiimitsa pabwalo la tchalitchi ndi kufunsa kuti, "Nanga akuluampingo, za ku Harare simutiuzako?" Ine ndakhala ndikungoyankha kuti tidayenda bwino. Lero ndati ndikhale pansi ndilembe zonse, pakuti m'nkhaniyi muli kanthu kamene kandilemera mumtima kwa zaka zambiri, ndipo kakukhudzanso ena a inu. Nkhaniyi njaitali, choncho pezani pokhala.

Achinyamata ambiri sadziwa kuti ine ndidakhala ku Harare zaka 27. Ndidachoka kuno mu 1981 ndili mbeta, kutsata atsibweni anga amene adapita kumeneko m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Ndidatulukira pa Mwami, kudzera ku Chipata ndi ku Lusaka, nkukawoloka Zambezi pa Chirundu. Mzindawo udali ukutchedwabe Salisbury, pakuti dzina la Harare lidadza mu 1982. Atsibweni adali ophika kunyumba ya mzungu, ndipo adandipezera malo otsuka mbale pa hotela ina pakati pa tauni. Patapita zaka zitatu adandikweza kukhala woperekera zakudya patebulo. Mu 1985 ndidabwera kuno kudzakwatira, nkubwerera ndi mayi a kunyumba. Ana athu onse anayi adabadwira ku Mbare.

Chimene chidatichotsa ndi chaka cha 2008. Ndalama ya dzikolo idasanduka masamba. Mu Julaye chaka chimenecho kudatuluka pepala la madola 100 biliyoni, koma ngakhale buledi mmodzi silinkamukwanitsa. M'masitolo mudali mashelefu okhaokha. Tindalama timene ndidasunga zaka zonsezo tidasungunuka ngati mchere m'madzi. Kolera itayamba kutenga anthu m'makomboni, ndidauza mayi a kunyumba kuti tiyeni kwathu, kuli bwino kukavutikira pamene pali manda a makolo. Tidafika kuno mu Novembala, tili ndi masutikesi awiri, makina osokera ndi wailesi.

Chaka chatha mwana wathu wachisamba, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, adati, "Bambo, ndikufuna ndikupititseni ku Harare mukaone malo ndi kudya bwino. Mudagwirako ntchito, tsopano mukapumuleko." Ndidakana kawiri, kachitatu ndidavomera. Tidanyamuka mu Okutobala 2025, ine, mayi ake ndi iyeyo. Kuchokera pa Kapiri tidatsikira pa Kamwendo, nkukagona ku Lilongwe. M'mawa mwake tidadinditsa mapasipoti pa Dedza, tidawoloka Zambezi pa Tete dzuwa likuswa mtengo, ndipo tidalowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda. Njira imeneyi m'zaka za nkhondo ya ku Mozambique anthu ankaidutsa ndi mtima m'mwamba, magalimoto atandondozana asilikali ali patsogolo ndi pambuyo. Tsopano ana akugulitsa malambe ndi makala m'mbali mwa msewu. Titapitirira Mutoko ndi Murehwa, ndidayamba kuzindikira mapiri amiyala aja, ndipo mtima udayamba kugunda ngati wa mnyamata.

Tsiku loyamba mwana adatitengera pa Kopje, kaphiri kamene kali kum'mwera chakumadzulo kwa tauni. Abale, ndikuululireni. Zaka 27 ndidadutsa m'munsi mwa kaphiri kameneka m'mawa ndi madzulo, popita kuntchito ndi pobwerera ku Mbare, koma sindidakwerepo ndi tsiku limodzi lomwe. Nditaima pamwamba ndidaona mzinda wonse uli ndee pansi panga: nyumba yaitali ya Reserve Bank, njanji, misewu yowongoka, ndipo ponseponse mitengo ya jakaranda itachita maluwa, mzinda wonse ngati aufunditsa nsalu. Mayi a kunyumba adandigwira mkono nati, "Kodi nkuno tinkakhala kuja?" Inenso funso lomwelo lidali pakamwa.

Tidatsikira ku Africa Unity Square, bwalo limene kale linkatchedwa Cecil Square, pamene azungu oyamba adakweza mbendera yawo mu Seputembala 1890. Amayi ogulitsa maluwa alipobe moyang'anana ndi hotela ya Meikles. Ndidakhala pabenchi, chinthu chimene sindidachitepo, chifukwa kale ndinkadutsapo ndikuthamanga, maso ali pa wotchi. Tidaona Eastgate, nyumba imene idatsegulidwa mu 1996, yomwe adaimanga motengera nzeru za chiswe kuti mphepo izizungulira yokha monga m'chulu. Ndidaiona ikumangidwa, koma za chiswezo ndazimva ndili ndi imvi, wondiuza ali mwana wanga. Tidaonanso chosema cha Mbuya Nehanda chimene adachiimika mu 2021 pamphambano ya Samora Machel Avenue ndi Julius Nyerere Way, ndipo nyumba ya malamulo adati idasamukira kunja kwa mzinda, ku Mount Hampden.

Apa mpamene ndidazindikira kuti munthu wopita kunja kukafuna ntchito saona mzinda. Amaona njira ya kuntchito, khomo la bwana, mzere wa basi ndi denga la kachipinda kake. Mzinda amauona ndi alendo okhala ndi nthawi ndi ndalama. Inu ana athu amene muli ku Joni ndi ku Cape Town, tikamaona zithunzi zanu mutaima patsogolo pa nyumba zosanja timayesa mukudyerera. Ine ndikudziwa kuti chithunzicho chidajambulidwa tsiku limodzi la tchuthi, ndipo masiku ena onse mumatuluka kusadache nkubwera kutada.

Madzulo a tsiku lachiwiri mwana adati tikadye pa hotela imene ndinkagwira. Ndidavala jekete langa la pa Sabata. Titafika, miyendo yanga yokha idalunjika kukhomo la kuseri, kumene kuli mabini, mpaka mwana adandikoka nati, "Bambo, khomo lathu ndi ili." Ndidalowera kumaso koyamba m'moyo wanga. Chipinda chodyeramo adachisintha utoto ndi mipando, koma zenera lalikulu lija lilipobe, ndipo khomo la kukhitchini likutsegukabe mbali ziwiri. Adatikhazika patebulo la pakona. Manja anga adayamba okha kuwongola mafoloko ndi mipeni, mayi a kunyumba nkundimenya pang'ono pa bondo.

Ndidaitanitsa nyama ya ng'ombe yowotcha ndi mbatatesi, chakudya chimene ndidanyamula kosawerengeka koma osachilawa, kupatula zotsala m'mbale. Mayi adaitanitsa nsomba ya ku Kariba, yofanana ndi chambo chathu. Kukoma kudalipo, sindinama. Koma mtengo wake utaonekera papepala, m'madola a ku America, ndidawerengera mumtima matumba a chimanga, ndipo nyama ija idaima pakhosi. Mwana adaseka nati ndisiye kuwerengera, lero ndi tsiku lake.

Amene ankatiperekera adali mnyamata waulemu, wodziwa ntchito yake. Atamva tikuyankhula, adafunsa m'Chishona ngati tidachokera ku Malawi. Titavomera, nkhope yake idawala. Adati agogo ake aamuna adachokeranso kwathu kuno, ndipo iye ali ndi mfunda wachimalawi. Ndidamufunsa kuti kwawo nkuti. Adati, "Ku Malawi." Ndidati, "Boma liti? Mfumu yanji? Mudzi uti?" Mnyamatayo adangomwetulira, nati agogowo adamwalira iye ali wamng'ono, ndipo bambo ake sadafikeko. Chichewa chimene ankachidziwa ndi moni ndi mawu ochepa a m'nyimbo za Alick Macheso ndi Nicholas Zakaria, oimba otchuka a kumeneko amene makolo awo adachokeranso kwathu. Ndidamupatsa kangachepe, nayenso adawomba m'manja monga mwa mwambo wawo. Koma usiku umenewo tulo sindidatione.

Tsopano ndifike pa chimene ndakhala ndikuchizungulira. Ku Mbare ndidali ndi mnzanga, wamkulu kwa ine, wochokera kuno komwe kwa Dambe, mudzi wina kupitirira pa Kapiri. Dzina ndisunga, eni ake akudziwa. Ndinkawatchula achimwene. Adachoka kuno mu 1964, nagwira ntchito ya m'maluwa kunyumba za azungu, nakwatira mayi wa ku Murehwa, ndipo sadabwereko. Ndiwo adandiphunzitsa Chishona, ndiwo adathamanga usiku kukafuna galimoto pamene mayi a kunyumba adali pakati pa moyo ndi imfa pobadwa mwana wachiwiri. Tsiku limene tinkanyamuka mu 2008 adatiperekeza kukakwera basi, nandipatsa kalata. Adati, "Mukapereke kwa mlongo wanga. Mukamuuze kuti ndili moyo."

Kalata imeneyo sindidapereke. Chaka choyamba ndidati ndiyambe ndamanga nyumba ndi kupeza munda. Chaka chachiwiri ndidamva kuti kumudzi kwawoko kuli mkangano wa malo, ndipo ndidaopa kuti kalata ya munthu wa kunja ikolezera moto, ine nkulowa m'milandu ya eni. Pambuyo pake chidatsala ndi manyazi okha, pakuti ndikadafika bwanji ndi kalata ya zaka zisanu, kenaka khumi? Mtunda wake ndi wa ola limodzi pa njinga yakapalasa. Ndapalasa maulendo aatali kuposa pamenepo kupita ku maliro, ku zinkhoswe ndi ku misonkhano ya mpingo. Ndaweruza nawo milandu ya anthu osasunga malonjezo. Kalata ili pansi pa sutikesi zaka 17. Ndipo pokonza ulendo uno, ndidauza mwana kuti ku Mbare tisapiteko, ati kuli akuba ndi fumbi. Chimene ndinkaopa sadali akuba.

Mnyamata wa ku hotela uja ndiye adandigwetsa. M'mawa mwake lidali la Sabata, ndipo ndidati tipite ku Mbare. Tidapemphera ku CCAP. Mwina ena simudziwa kuti mpingo wathu uli ndi sinodi yakeyake kumeneko, Sinodi ya Harare, imene idakhazikitsidwa mu 1965. Ntchitoyo idayamba mu 1912 pamene mbusa T.C.B. Vlok adatumizidwa ku Salisbury kukasamala anthu a kwathu amene adapita kukagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba. Kwa ife obwera, tchalitchi chidali mudzi wathu: nkumene tinkamva za maliro a kumudzi, nkumene tinkapatsirana makalata, nkumene ankakupezera pogona ukangofika. Ndidapeza okalamba akuimbabe m'Chichewa, achinyamata akuyankhulana m'Chishona pabwalo. Ndidafunsa za achimwene aja mtima uli phaphapha. Mayi wina wa chigwirizano adati, "Alipo, koma maso adafooka. Tiyeni ndikuperekezeni."

Tidadutsa pafupi ndi bwalo la Rufaro, pamene mbendera ya Zimbabwe idakwezedwa mu Epulo 1980, ndi pamene tinkaonerera Dynamos tikapeza ya pakhomo. Tidadutsa pa Mbare Musika, msika umene mbali yake idapsa ndi moto mu Okutobala 2024, koma anthu ali piringupiringu monga kale, matimati, kabichi ndi mbatata zili milumilu. Tidawapeza achimwene atakhala pakhonde la kanyumba ka mdzukulu wawo, atafunda jekete ngakhale kunkatentha. Ndidagwada pambali pawo nkupereka moni. Adatembenuza mutu, nakhala chete kanthawi, kenaka adatchula mfunda wanga. Mawu okha adawakwanira.

Funso lawo loyamba lidali lomwe ndinkaliopa. "Kodi mlongo wanga mudamupeza? Adati chiyani?" Abale, bodza lidali pafupi kwambiri. Ndikadatha kunena kuti adalandira ndipo akupereka moni, iwo nkukondwa, ine nkupita. Koma ndidati, "Achimwene, ndidakulakwirani. Kalata ija sindidapereke." Adakhala chete nthawi yaitali. Kenaka adati, "Ine ndinkayesa kuti adaiwerenga nakana kuyankha. Zaka zonsezi ndimati kwathu adanditaya." Mawu amenewo adandipyoza koposa kutukwana. Ulesi ndi mantha anga zidamuika munthu wokalamba m'chisoni chimene sichidali choona. Atatero adatambasula dzanja, nafufuza phewa langa, nati, "Mwabwera nokha kudzanena. Khalani pansi, mudye."

Mdzukulu wawo adaphika sadza, ndiyo nsima yawo, yolimbirapo kuposa yathu, ndi ndiwo zamasamba zothira chiponde, zimene amati muriwo une dovi, ndi timatemba ta kapenta. Panalibe nsalu ya patebulo kapena foloko. Tidasamba m'manja m'beseni limodzi, ine ndi achimwene nkudya mbale imodzi monga tinkachitira kale. Adandifunsa za mvula, za mtengo wa fodya ndi mtedza, ngati Rusa amadzazabe m'dzinja, ngati gule amatulukabe kumudzi kwawo. Ankatchula maina a anthu mmodzimmodzi, ine nkumayankha kuti adapita, adapita, uyo alipo. Pa zakudya zonse za ulendowu, kuphatikizapo nyama yowotcha ya kwaMereki ku Warren Park kumene mwana adatitengera tsiku lotsatira, nsima imeneyi ndiyo idatsika bwino.

Tili pakudya, adandiuza chinthu chimene ndikufuna akuluakulu a kuno muchiganizire. Kwa Ashona mwana ndi wa kwa bambo. Amatenga mtupo wa bambo, ndipo kwawo nkumene kudachokera bambo. Kwa ife Achewa mwana ndi wa kwa mayi, ndipo munda amaupeza kwa atsibweni ake. Tsono ana a achimwenewa, akapita ku Murehwa amauzidwa kuti kwanu nku Malawi. Akadabwera kuno, ife tikadati kwanu nkwa mayi anu. Mbali zonse ziwiri zikulondola mwambo wake, koma ana ali pakati opanda kwawo. Kwa zaka zambiri anthu otere zitupa zawo zidalembedwa kuti ndi obwera ngakhale adabadwira komweko, ndipo anzawo ankawanyoza kuti mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre. Malamulo aakulu a dzikolo a mu 2013 adawatsegulira njira ya unzika, koma pepala silipatsa munthu mudzi. Ife kuno timangoti matchona, ngati kuti adasankha kutiiwala. Ambiri sadabwerere chifukwa cha manyazi obwera chimanjamanja, ndipo ena adalemba makalata amene adathera m'masutikesi a anthu ngati ine.

Titabwerera kuno, ndisadapite nkomwe kumunda, ndidatulutsa kalata ija, ndidakwera njinga. Mlongo wawo ndidawapeza ali moyo, agogo okalamba akusenda mtedza pamkeka. Ndidagwada, ndidafotokoza zonse pamaso pa ana awo ndi nyakwawa. Mwana wawo wamwamuna adandiyankhula mawu owawa, ndipo adayenera kutero, ndidangowerama. Mdzukulu adawerenga kalatayo mokweza, pepala litachita chikasu. Mudalibe za malo kapena za chuma. Mudali moni, kupepesa kuti sadabwere pa maliro a mayi awo, ndi pempho lakuti dzina lawo lizitchulidwa kwa ana. Madzulo omwewo tidaimba pa WhatsApp ku foni ya mdzukulu wa ku Mbare. Anthu awiri amene adaonana komaliza mu 1964 adamvana mawu. Poyamba palibe adatha kuyankhula. Kenaka agogo aja adatchula dzina laubwana la mchimwene wawo, ndipo ife tonse tidatuluka panja kuwasiya.

Sindikulemba izi kuti mundiyamikire, pakuti zaka 17 sizibwezeka, ndipo akadamwalira mmodzi wa iwo ndikadalowa nazo m'manda. Ndikulemba kuti ndipemphe zinthu ziwiri. Choyamba, inu a kuno kwa Dambe amene muli ndi mbale amene adapita ku Harare, ku Bulawayo, ku Kadoma, ku Shamva, kapena ku migodi ya ku Zambia, ndipo mudaleka kumva za iye, mundipeze pa Sabata tikaweruka, kapena mundilembere kuseri. Mundipatse dzina, mfunda, mudzi ndi chaka chimene adachoka. Akuluampingo anzathu a ku Mbare adavomera kufunsa m'mipingo yawo. Sindikulonjeza kuti onse apezeka, koma kufunsa sikudula. Ndipo ngati wina wa inu ali ndi uthenga wa mnzake umene adausunga, kaya ndi kalata, kaya ndi ndalama, kaya ndi mawu a pakamwa, apite sabata ino. Manyazi amakula tsiku ndi tsiku ngati dzungu.

Chachiwiri ndi cha inu ana athu a kunja. Gwirani ntchito, ndipo tsiku la tchuthi kwerani kaphiri ka mzinda umene mukukhalawo, muuone, musadikire imvi monga ine. Koma ana anu muwaphunzitse zinthu zinayi kufikira aziloweze: boma la Mchinji, mfumu yaikulu Dambe, dzina la mudzi, ndi mfunda wa mbali zonse ziwiri. Muwalembere papepala. Mubwere nawo ngakhale kamodzi, ngakhale mulibe kanthu m'manja, adzaone nkhokwe ndi manda a agogo awo. Akulu adati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Ife otsala kuno tilonjezenso kuti akadzafika sitidzawafunsa kuti mwatitengera chiyani, kapena kuwauza kuti kwanu nkwa mayi anu.

Mwana wanga akuti chaka chamawa, tikakolola, tiyesetse kusonkha ya basi kuti achimwene adzafike ndi mdzukulu wawo. Maso awo saonanso bwino, koma akuti fungo la dothi la kwawo mvula yoyamba ikagwa adzalizindikira. Amene mungathandizepo, mukudziwa pondipeza. Mutikumbukire m'mapemphero, iwo ndi ine ndemwe. Ambuye akusungeni nonse.